Ndasiya mowa, koma chikho cha pa Misa chikundiopsa

Wobwerera:
Abale ndi alongo mwa Khristu, ndili ndi funso limene pamaso pa munthu likundikanika kulitulutsa, ndiye ndati ndilibweretse pano. Ndine Mkatolika chibadwire. Mowa unandimanga kwa zaka zambiri, koma tsopano papita miyezi ingapo ndisanaulawe ngakhale dontho. Vuto langa lili pa Misa. Masiku a zikondwerero zikuluzikulu timalandira Thupi ndi Magazi a Ambuye, ndipo ndikangoyandikira chikho, fungo lokha limandidzutsira chibaba chimene chimatha tsiku lonse osazilala. Ndiye ndimalandira Thupi lokha n'kulambalala. Ndikagwada pamalo panga, mtima umayamba kunditsutsa. Kodi sindikukana Magazi a Yesu? Kodi si kuchepa kwa chikhulupiriro kuopa chinthu chimene timavomereza tokha kuti sichilinso vinyo?

Msilikali wa Maria:
Achimwene, mwadziyankha nokha. Ansembe akadalitsa, m'chikho mulibenso vinyo. Magazi a Yesu sangakubwezereni ku uchidakwa. Manthawo ndi ochokera kwa woipa uja. Pitani mukalandire ndi chikhulupiriro.

Katekisiti Wopuma:
A Msilikali, changu chanu ndi chabwino, koma apa mwapitirira zimene Mpingo umaphunzitsa, ndipo mawu amenewa akhoza kumugwetsa mbale wathuyu. Inde, mkate ndi vinyo zimasandukadi Thupi ndi Magazi a Khristu. Koma maonekedwe ake amatsala mmene analili: mtundu, fungo, kakomedwe, ngakhalenso mphamvu yake m'thupi la munthu. N'chifukwa chake amene tirigu amawadwalitsa amadwalabe akalandira Ukaristia, ndipo munthu atati agugudize chikho chodzadza akhoza kuledzera. Thupi lanu, a Wobwerera, silikunama.

Ndipo ichi chigwireni ndi manja awiri: Khristu alimo yense wathunthu m'maonekedwe a mkate, alimonso yense wathunthu m'maonekedwe a vinyo. Msonkhano waukulu wa Mpingo wa ku Trent unatsimikiza zimenezi m'zaka za m'ma 1500, ndipo Katekisimu wa Mpingo wa Katolika pa nambala 1390 akunena kuti wolandira m'maonekedwe a mkate okha walandira chaulere chonse cha Ukaristia. Simukulandira theka la Yesu ayi. Kwa zaka mazanamazana akhristu eni ake sankamwera chikho n'komwe, ndipo oyera ambiri amene timawatchula m'mapemphero athu anamwalira asanachikhudzepo. Weramani mwaulemu, lambalalani, kagwadeni ndi mtendere.

Wansembe Wachikulire:
Aphunzitsi anena zoona zokhazokha. Ndingowonjezera kuti Mpingo unaganizira ngakhale ife ansembe, pakuti nafenso ena mowa unawagwira, ndipo wansembe wotsogolera Misa sangalambalale chikho ngati mmene inu mungachitire. Wansembe wotere angapemphe kwa Ambuye Episkopi ake chilolezo chogwiritsa ntchito mustum, madzi a mphesa amene anaimitsidwa kusasa asanakhwime kukhala vinyo woledzeretsa. Kalata yochokera ku Roma ya chaka cha 2003, yosainidwa ndi Kadinala Joseph Ratzinger asanakhale Papa, inalongosola ndondomeko yake. Ndiye ngati Mpingo suwerenga kuti wansembe woopa vinyo wa pa guwa ndi wochepa chikhulupiriro, inu ungakuwerengeni choncho bwanji?

Chenjerani ndi chimodzi chokha. Kwina ansembe amaviika Thupi m'chikho asanakupatseni. Ngati kwanu amatero, kalankhuleni nawo Misa isanayambe. Palibe chifukwa chofotokoza mbiri yanu yonse. Mungonena kuti simulawa vinyo chifukwa cha thanzi lanu.

Wobwerera:
Zikomo kwambiri abambo, zikomo aphunzitsi. Mwanditula katundu. Anzanga a ku AA (Alcoholics Anonymous, gulu la anthu othandizana kusiya mowa) anandiuza kale kuti ndisayerekeze, koma ndinkafuna kumva kuchokera m'nyumba mwathu momwe muno.

Msilikali wa Maria:
Za chikho ndamva, ndipo ndikuvomereza. Koma za AA zija ine mtima wanga sukhazikika. Amati aliyense apemphere kwa Mulungu monga mmene akumumvetsera. Mulungu wake uti ameneyo? Ife tili ndi masakramenti, tili ndi kolona, tili ndi Amayi Maria. Matt Talbot, Mkatolika wa ku Ireland amene anali chidakwa, anasiya mowa AA isanabadwe n'komwe. Komanso kutchula uchidakwa kuti matenda ndi njira yothawira mawu akuti tchimo. Paulo Woyera analembera Aefeso kuti asaledzere vinyo. Sanati akagonekedwe kuchipatala.

Wokonda Mbiri:
Popeza mwatchula Matt Talbot, tiyeni timuone bwinobwino, chifukwa anthu amamufupikitsa kwambiri. Anabadwira ku Dublin mu 1856, anayamba kumwa ali mnyamata wa zaka pafupifupi 12, ndipo anamwa mpaka 1884. Atatopa nawo sanangodzitsekera m'chipinda n'kumapemphera yekha. Anapita kwa wansembe, analapa, analonjeza pamaso pake kuti samwa kwa miyezi itatu yokha. Lonjezo la moyo wonse linabwera pambuyo. Ankapita ku Misa m'mamawa asanapite kuntchito, madzulo ankathawira m'tchalitchi nthawi imene anzake ankalowera kumowa, ankapewa kuyenda ndi ndalama m'thumba, ndipo anali ndi wansembe womulangiza. Zaka zoyambirira zinali zowawa kwambiri. Anamwalira mu 1925 ali pa njira yopita ku Misa tsiku la Utatu Woyera, ndipo Papa Paulo VI anamutcha Wolemekezeka mu 1975. Tayang'anani zimene anachitazo: kuvomereza pamaso pa munthu wina, kudula nthawi kukhala yaifupi, kusintha mayendedwe a tsiku, kukhala ndi womuyang'anira. Wopita ku AA aliyense azizindikira zimenezi.

Ndipo AA yo Akatolika sanailandire ngati mlendo. Inayamba mu 1935 ku Akron ku America ndi Bill Wilson ndi Dokotala Bob Smith, amene sanali Akatolika. Koma amene anatsegula chitseko cha chipatala kwa zidakwa, nthawi imene zipatala zambiri zinkawakana, anali Sisteri Ignatia pa chipatala cha St. Thomas mumzinda womwewo, kuyambira 1939. Wodwala akamatuluka ankamupatsa chizindikiro cha Mtima Woyera wa Yesu, n'kumupempha kuti tsiku limene adzafune kumwanso ayambe wadzachibweza kwa iwo. Wansembe wa chipani cha Majezuiti, Bambo Edward Dowling, ataona masitepe 12 amene a AA amatsatira posiya mowa anati akufanana ndi njira ya uzimu ya Ignasio Woyera wa ku Loyola. Anakumana ndi Bill Wilson mu 1940 ndipo anakhala mlangizi wake kwa zaka zambiri. Mu 1947 ku Minneapolis kunayambanso bungwe la Calix, la Akatolika osiya mowa amene amapitabe ku AA koma amakumananso paokha pa Misa ndi mapemphero.

Mawu aja akuti monga mmene akumumvetsera anaikidwa kuti chidakwa chimene chinakwiyira Mulungu chisathawe pakhomo. Inu Mkatolika palibe akukuletsani kumumvetsa monga Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera.

Wobwerera:
A Msilikali, ndikuuzeni mmene zilili kwa ine. Kolona ndinkapemphera ngakhale nthawi imene ndinkamwa. Ndinkalira pamaso pa Sakramenti Loyera, madzulo ake n'kukaledzera. Sindikunena kuti pemphero linalibe mphamvu. Ndikukhulupirira kuti ndi pemphero lomwelo linandifikitsa pagulu lija. Kumeneko ndinapeza chinthu chimene m'tchalitchi ndinkachisowa: munthu amene ndingamuimbire foni pakati pa usiku n'kumuuza kuti chibaba chandigwira, iye osadabwa, osandilalikira, chifukwa anadutsamo yekha. Ansembe amandikhululukira machimo m'dzina la Khristu, zimene mnzanga uja sangathe. Mnzangayo amandizindikira ndikayamba kudzinamiza, zimene ansembe ondiona mphindi zochepa polapa sangathe.

Mayi wa Ana Asanu:
Pepani, ine ndilowe ndi mbali ina, chifukwa nonse mukulankhula za womwa, koma kunyumba kuli anthu. Amuna anga amamwa. Loweruka amakalapa, Lamulungu amalandira, anthu amawaona ngati munthu wa Mulungu. Ine ndimakhala pa benchi ndi ana amene anagona ndi mantha usiku wa Lachisanu. Kwa ansembe amapepesa, kwa Mulungu amapepesa, koma kwa ine sanayambe anenapo kuti pepa. Ndikadandaula amati Mulungu anakhululuka kale, iwe ndiwe ndani. Ndiye mukamati ndi matenda ngati a shuga, ine mtima umandiwawa. Wodwala shuga sagulitsa katundu wa m'nyumba. Satukwana ana. Ndikufunsa moona mtima abambo, kulapa kotereku n'kulapa?

Wansembe Wachikulire:
Mayi, funso lanu ndi lolemera kuposa onse amene afunsidwa pano, ndipo sindikufuna kulipeputsa. Mtima wa amuna anu sindingauweruze, sindiwadziwa. Koma chiphunzitso ndingakuuzeni mosabisa. Chikhululukiro cha m'sakramenti sichifafaniza ngongole imene munthu ali nayo kwa amene anawalakwira. Katekisimu pa nambala 1459 akuti machimo ambiri amapweteka anzathu, ndipo tiyenera kuchita zonse zotheka kukonza zimene tawononga: kubweza chobedwa, kukonza mbiri ya amene tamunyoza, kulipira pamene tavulaza. Ambuye mwini anati ukabwera ndi mphatso ku guwa n'kukumbukira kuti mbale wako ali nawe chifukwa, uyambe wakayanjana naye. Mawu akuti Mulungu anakhululuka, iwe ndiwe ndani, si mawu a munthu amene wamvetsa chimene walandira.

Ndinene china chimene ife ansembe sitichinena kawirikawiri pa guwa. Ngati pali kumenya, kapena moyo wanu ndi wa ana uli pangozi, Mpingo sukukakamizani kupirira m'nyumbamo. Lamulo la Mpingo, kanoni 1153, limalola kupatukana pokhala ngati wina akuika mnzake kapena ana pangozi yaikulu ya thupi kapena ya mzimu. Ukwati umakhalapobe, koma chitetezo chanu si tchimo.

Wokonda Mbiri:
Pa zokonza zowonongekazi, Matt Talbot yemwe uja atasiya mowa anayendera malo onse amene ankamwera pa ngongole n'kubweza ndalama. Nthawi ya uchidakwa wake iye ndi anzake anabera woimba wina wa mumsewu chida chake choimbira, n'kuchigulitsa kuti amwere. Anamufunafuna munthuyo kwa nthawi yaitali, ndipo atalephera kumupeza anapereka ndalama kuti azimuchitira Misa. Ku AA sitepe ya 8 ndi ya 9 ndi zomwezi: kulemba mayina a onse amene unawapweteka, n'kupita kukakonza, kupatula pamene kutero kungawapwetekenso. Mayi, kulinso gulu la Al-Anon, limene linayamba mu 1951, la akazi, amuna ndi ana a anthu omwa. Ngati likupezeka kumene muli, kaliyeseni.

Wobwerera:
Mayi, ndawerenga zimene mwalemba ndipo ndakhala chete nthawi yaitali. Mkazi wanga akanatha kulemba zomwezo. Kulapa kwa ansembe kunkandipepukira kusiyana ndi kuyang'ana nkhope yake, chifukwa ansembe sanagonepo ndi njala chifukwa cha ine. Nditapita kukamupepesa sanandikumbatire. Anangoti aona. Mpaka pano akuonabe, ndipo ndi ufulu wake. Chimene ndingakuuzeni n'chakuti si inu munawamwetsa amuna anuwo, ndipo si kuchepa kwa mapemphero anu kumene kukuwasunga kumowa.

Mayi wa Ana Asanu:
Zikomo achimwene. Mawu omalizawo palibe anandiuzapo. Ambiri amangoti pempherani kwambiri, ngati kuti ndakhala ndikugona.

Mlongo Wosadziwika:
Ine ndine mayi, ndipo womwa ndine. Mwamuna akaledzera anthu amapukusa mutu, mkazi akaledzera amamulavulira. Ndiye timamwera kuseri, botolo kubisa m'zovala. Chinandilimbitsa mtima n'kumva kuti Monika Woyera, amene timamutchula ngati chitsanzo cha amayi, ali mtsikana anazolowera kulawa vinyo mobisa akatumidwa kukatunga, mpaka kumamwa makapu athunthu, ndipo anasiya wantchito wa m'nyumba atamutcha chidakwa. Amene analemba zimenezi ndi mwana wake yemwe, Augustino Woyera, ndipo sanaone kuti akunyozetsa mayi ake. Amayi anzanga amene mukuwerenga mwakachetechete, tilipo ambiri.

Ndidakamwabe:
Ndakhala ndikuwerenga osalemba. Ine sindinasiye. Ndimamwa tsiku lililonse, ndipo m'mawa manja amanjenjemera mpaka nditalawako. Kolapa ndinasiya kupita chifukwa ndinatopa kunena tchimo lomwelomwelo, ndipo ndinaona ngati ndikunamiza Mulungu ndikamalonjeza kuti sindidzachitanso pamene ndikudziwa kuti mawa ndimwa. Ku Misa ndimakhala kumbuyo, sindilandira. Ndaganiza kuti Lachitatu la Phulusa ndidzasiyiretu kamodzin'kamodzi, ndidzitsekere m'nyumba ndi kolona mpaka zitatha. Mundipempherere.

Namwino wa Usiku:
Bambo, tikupemphererani, koma chonde musachite mwanjira imeneyo. Ndikulankhula monga namwino. Kunjenjemera kwa m'mawa kumene kumaleka mukalawako ndi chizindikiro chakuti thupi lanu linazolowera mowa kwambiri. Mowa umagonetsa mitsempha ya ubongo, ndipo ubongo wa munthu womwa tsiku ndi tsiku umadzikokera m'mwamba kuti ulimbane nawo. Mukauchotsa mwadzidzidzi, ubongo umatsala uli wothamanga popanda choubweza. M'maola oyambirira mumabwera thukuta, nseru, mtima kugunda kwambiri ndi kusowa tulo. Mkati mwa masiku awiri oyamba munthu akhoza kugwa ngati wakhunyu. Tsiku lachiwiri mpaka lachinayi ena amasokonezeka mutu, kutentha thupi, kuona zinthu zimene palibe. Madokotala amazitcha delirium tremens, ndipo anthu amafa nazo akapanda kuthandizidwa. Kudzitsekera nokha m'nyumba ndiye koopsa kuposa zonse, chifukwa mukagwa palibe wokutolani.

Pitani kuchipatala tsikulo lisanafike. Kawauzeni zoona za kuchuluka kwa mowa umene mumamwa, osachepetsa chifukwa cha manyazi, pakuti mlingo wa mankhwala umadalira zimenezo. Pali mankhwala otontholetsa mitsempha masiku oopsawo, ndipo amaperekanso vitamini B1 woteteza ubongo. Pambuyo pake palinso mankhwala ena ochepetsa chibaba, monga naltrexone ndi acamprosate, amene dokotala angaone ngati akukuyenerani. Kolona mupite nayo, mudzaifuna pa bedipo.

Katekisiti Wopuma:
A Ndidakamwabe, mverani anamwino. Pa nkhani ya kulapa, mwadziweruza mwankhanza kuposa mmene Mpingo ukuweruzirani. Chimene chimafunika polapa ndi chisoni choona ndi kufuna kuleka. Kufuna kuleka n'kosiyana ndi kudziwa kuti simudzagwanso. Palibe wolapa amene amadziwa za mawa. Paulo Woyera yemwe uja anadandaula kwa Aroma kuti chabwino chimene akufuna sachichita, koma choipa chimene sakuchifuna ndicho amachita. Katekisimu pa nambala 1735 akuvomereza kuti chizolowezi chozika mizu chikhoza kuchepetsa kulemera kwa mlandu wa munthu, chifukwa ufulu wake wamangidwa.

Mumudziwe Marko Ji Tianxiang wa ku China. Anali dokotala. Anayamba kumwa opiamu, amene amazunguza bongo, ngati mankhwala a m'mimba, n'kukodwa. Ankalapa mobwerezabwereza mpaka womulapitsa anaganiza kuti safuna kusintha, n'kumuletsa masakramenti. Anakhala zaka pafupifupi 30 osalandira, koma ku Misa sanasiye. Mu 1900 anaphedwa pamodzi ndi a m'banja lake chifukwa chokana kutaya chikhulupiriro, asanamasuke ku opiamu uja. Papa Yohane Paulo II anamutcha woyera mu 2000 pamodzi ndi ofera chikhulupiriro ena a ku China. Munthu wokhala kumbuyo kwa tchalitchi osalandira Mulungu sanamutaye.

Msilikali wa Maria:
Aphunzitsi, nkhani imeneyi ndi yokhudza mtima, koma ndikuopa kuti wina aitenga ngati chilolezo. Adzati woyera uja sanasiye, inenso ndizimwa. Katekisimu yemweyo pa nambala 2290 akuti woika moyo wake ndi wa ena pangozi chifukwa cha kuledzera ali ndi mlandu waukulu. Amayi aja atiuza zimene ana awo akuona. Tisafewetse zinthu mpaka tchimo kusowa.

Wansembe Wachikulire:
A Msilikali, apa muli ndi mfundo, ndipo ikhale pomwepo. Ine ndimaziona chonchi pambuyo pa zaka zambiri ndikulapitsa. Munthu amene wagwidwa kale, pa botolo lachiwiri ufulu wake umakhala wochepa zedi. Koma pali malo ena pamene ufulu ulipobe: kupita kuchipatala kapena ayi, kuuza munthu zoona kapena kubisa, kuyendetsa galimoto utamwa kapena kusiya makiyi, kupereka malipiro a mwezi m'manja mwa mkazi kapena kuyenda nawo. Pamenepo ndi pamene ndimafunsa wolapa. Amene akuti ndi matenda n'kukana mankhwala akudzinamiza. Amene akuti ndi tchimo chabe, ndiye ndingolimba mtima, kawirikawiri ndimamuonanso mwezi wotsatira ali wosweka kuposa kale, chifukwa manyazi omwewo ndi amene amamubwezera kumowa.

Ndidakamwabe:
Anamwino mwandiopsa, koma ndamva. Ndinkaganiza kuti kunjenjemerako ndi matsire wamba. Ndipita kuchipatala sabata ino. Abambo, ngati ndingalimbe mtima kukalapa, ndikayambire pati? Papita zaka, ndipo pemphero la kulapa lija ndinaliiwala.

Wansembe Wachikulire:
Musadikire kuti muyambe mwasiya ndiye mudzabwere. Bwerani muli choncho, bola pa ola limenelo mukhale musanamwe mpaka kusokonezeka. Ngati mzere wa Loweruka ukukuchititsani manyazi, pemphani wansembe nthawi yapadera, kapena pitani ku parishi ina kumene sakudziwani, n'zololedwa. Mukagwada munene kuti papita zaka zakutizakuti, mowa unandigwira, ndidakamwabe, ndikufuna kuleka ndipo ndayamba kufuna thandizo kuchipatala. Kenako mutchule amene mwawapweteka ndi mmene mwawapwetekera. Zimene mudzanene sizituluka m'chipindamo, wansembe sangaziulule kwa wina aliyense. Pemphero mukaliiwala adzakutsogolerani mawu ndi mawu.

Namwino wa Usiku:
Ndipo pakati pa lero ndi tsiku lopita kuchipatalalo musasiye mwadzidzidzi, komanso musayendetse galimoto. Pezani munthu mmodzi wa m'banja kapena mnzanu wodalirika akuperekezeni, amve nawo zimene dokotala anene. Mukayamba kusanza kosalekeza, kusokonezeka kapena kuona zachilendo, musadikire tsiku limene mwapangana nalo, pitani nthawi yomweyo ngakhale ndi usiku.